Mng'ono wanga anagonekedwa m'chipatala ndi dzina langa

Zimene ndikulemba pano zinachitikadi. Ndikanakonda zikanakhala zongomva kwa anthu pa minibasi, koma ayi, ndinaziona ndi maso anga ndipo zina ndinazichita ndi manja anga. Sinditchula dzina la munthu aliyense kapena la chipatala, chifukwa ena mwa anthuwa adakali moyo, komanso palibe mwa iwo amene analakwa kuposa ine. Ngakhale abale anga ena amangodziwa theka la nkhaniyi, theka limene ndinasankha kuwauza.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mvula itangosiya, anthu ali kalikiliki kusankha fodya. Ine ndinkagwira ntchito pa boda ya Mchinji, kutayipa mapepala a katundu mu kaofesi kena ka anthu othandiza madalaivala a mathiraki kuolotsa katundu wawo. Kwathu ndi ku Mlonyeni. Tinabadwa akazi awiri otsatizana, ine wamkulu ndi zaka ziwiri, ndipo tinkafanana moti kutchalitchi anthu ankayamba apereka moni kenako n'kufunsa kuti kodi paja ndiwe uti. Mng'ono wangayo anakwatiwa kutsidya, m'mudzi wina wa ku Zambia umene suli kutali n'komwe, woti munthu atanyamuka pa njinga m'mawa amafika dzuwa lisanafike pamutu, podutsa njira za m'minda zimene sizidziwa chidindo cha aliyense. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zinayi.

Sabata imeneyo anabwera kudzathandiza amayi athu kusankha fodya, mwana atamusiya ndi apongozi ake. Loweruka anayamba kumva kuzizidwa, Lamulungu mutu ndi kuphwanya m'thupi, ndipo Lolemba m'mawa amayi anamutumiza kwa ine kuti ndipite naye kuchipatala, popeza ine ndi amene ndinkadziwa zolankhula ndi anthu a m'maofesi. Khadi lake la kuchipatala anali atalisiya kwa mwamuna wake. Nanga munthu wopita kukasankha fodya kwa mayi ake angatengerenji khadi?

Masiku amenewo timabuku ta kuchipatala, timene wodwala amasunga yekha n'kumapita nato kulikonse kumene akukalandira thandizo, tinali tisanakhalitse. Pa buku panalibe chithunzi, panali dzina, mudzi ndi chaka chobadwa basi. Ndipo kwathu kuno anthu ankabwerekana mabukuwa ngati mmene timabwerekerana sefa kapena lichero, makamaka pofuna kuthandiza abale a kutsidya, chifukwa panali mbiri yoti anthu ochokera ku Zambia amabwezedwa kapena kuikidwa kumapeto kwa mzere. Kaya mbiriyo inali yoona, sindinafufuze, ine munthu amene ndinkafufuza nambala iliyonse ya pa pepala la thiraki kawiri. Ndinangotsegula sutikesi, n'kutulutsa buku langa, n'kumupatsa. Iye analitembenuza uku ndi uku akuseka, n'kundifunsa kuti ba sisi, popeza buku ndi langa tsopano, kodi ndi amuna anu omwe mwandipatsa? Ndinamuuza kuti awatenge, aone ngati angawapirire sabata imodzi.

Vuto linali pakamwa pake. Zaka zisanu ndi chimodzi za kutsidya zinali zitamusintha lilime, mawu awiri alionse ankaponyapo manje m'malo mwa tsopano, ndipo m'malo moti ndikufuna ankati nifuna. Choncho m'njira ndinamulangiza kuti akalowa kwa adokotala asachulutse zonena, angoti mutu, kuzizidwa, masiku atatu, basi, zina zonse ayankhe ndi mutu. Tinayeserera kangapo, iye akundinyoza kuti ndasanduka mphunzitsi wa Chichewa cha pa wailesi.

Tili pa benchi kudikira, anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti asisi, paja pali mankhwala ena a malungo amene anandiletsa kumwa. Anati chaka choyamba cha ukwati anamwa mapiritsi ena, thupi lonse linatuluka zidzolo, milomo n'kutupa, ndipo kuchipatala cha kumeneko anamulembera pa khadi ndi inki yofiira, koma dzina la mankhwalawo analiiwala chifukwa linali la Chingerezi. Nkhani ya kudwalako ndinali nditaimvapo, koma inatifika ngati nkhani ya ufiti wa kuchimuna, osati ya mapiritsi. Mukudziwa chimene ndinamuyankha? Ndinamuuza kuti mankhwala a ku Zambia ndi ena, a ku Malawi ndi ena, asadzivute. Ndinanena motsimikiza ngati ndinawerenga penapake, pamene sindinawerenge paliponse. Ndinkangofuna kuti asatsegule pakamwa.

Dzina langa linaitanidwa, iye anadzuka. Sanathe ngakhale mphindi zitatu m'chipindamo. Anandiuza kuti adokotala sanadzutse nkhope, anangomva mutu ndi kuzizidwa n'kulemba. Pa zenera la mankhwala anamupatsa mapiritsi atatu oyera a fansida, amene nthawi imeneyo anali mankhwala a malungo a aliyense, ndipo lamulo linali loti umwere pomwepo iwo akuona, ndi madzi a mu ndowa imene inali pambali. Kapu ndinamutungira ndine.

Lachiwiri anadzuka bwinoko mpaka anachapa. Lachitatu madzulo thupi linatenthanso. Lachinayi maso anafiira ngati wakhala pa utsi tsiku lonse, m'kamwa munatuluka zilonda, pachifuwa ndi kumsana panabuka madontho ofiira akuda pakati. Lachisanu m'mawa milomo inali itatupa ndi kung'ambika, sakanatha kumeza ngakhale tiyi, ndipo ndinapempha dalaivala wina wodziwana naye kuti atiperekeze kuchipatala. Buku linali lomwe lija, chifukwa tsamba la Lolemba linali m'menemo.

Tsiku limenelo tinapeza dokotala wachinyamata, ali yekha, mzere utafika mpaka pa mtengo wa panja. Ndinalowa nawo chifukwa wodwalayo sankayenda bwino. Ndimuchitire chilungamo mnyamata ameneyu: anayang'ana m'kamwa ndi tochi, anayang'ana kumsana, anawerenga tsamba la Lolemba, n'kuima kaye. Anafunsa kuti amayi, kodi fansida munamwapo kale m'mbuyomu? Mng'ono wanga anatembenuka kuyang'ana ine. Asanayankhe, dokotalayo anabwerera m'masamba a m'mbuyo n'kudziyankha yekha kuti eya, munamwapo, kawiri ku sikelo muli oyembekezera, kamodzi chaka chatha, ndipo palibe chinachitika, ndiye si zimenezo. Zonsezo zinali zoona. Kungoti amene anamwa katatu konseko popanda vuto anali ataima kumbuyo kwa mpando, atanyamula thumba la zovala.

Bwanji sindinalankhule pamenepo? Funso limeneli ndadzifunsa zaka zonsezi ndipo yankho lake ndi lochititsa manyazi. Pa boda ndinkaona sabata ndi sabata anthu akutsekeredwa chifukwa choyenda ndi mapepala a eni, ndipo m'mutu mwanga buku la kuchipatala linali pepala la boma ngati ena onse. Ndinkaona apolisi, ndinkaona abwana anga akumva kuti mlembi wawo amachita zachinyengo ndi mapepala, ndinkaona tikuthamangitsidwa ndi wodwala kuti tikaonere kwawo. Komanso, kunena zoona, ndinasangalala kumva dokotala akuti si mankhwala, chifukwa zimenezo zinkandichotsa pa mlandu.

Kenako dokotalayo anatsitsa mawu n'kufunsa za abambo a kunyumba, ngati ali bwino, ngati amayendayenda. Zaka zimenezo munthu akaoneka ndi zilonda m'kamwa, maganizo a aliyense ankathamangira ku matenda amodzi okha. Analemba kuti agonekedwe, aikidwe dilipi, azipakidwa m'kamwa mankhwala aja osiya milomo ya buluu, ndipo azimwa bakitilimu, mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo, kuti zilonda zisalowe mafinya. Sindinkadziwa kuti bakitilimu ndi fansida ndi a banja limodzi. Ndinadzadziwa Lachiwiri lotsatira.

Amene anagonekapo m'bale wake m'chipatala cha boma akudziwa kuti gadiyani, ndiye kuti wachibale wodikirira wodwala, ndi amene amagwira theka la ntchito. Kusambitsa ndi iwe, kuphika ndi iwe, kutaya za m'beseni ndi iwe. Nthawi ya mankhwala anesi ankaima ndi kangolo kawo pakhomo la wodi n'kumaitana maina, wodwala ayankhe pa bedi pake kuti aoneke, gadiyani apite akalandire m'manja. Ndiye kawiri pa tsiku dzina langa linkamveka mu wodi ya amayi, dzina loyamba ndi la bambo anga, ndipo mawu ochokera pa bedi lachisanu kumanzere ankayankha kuti ndilipo. Ine n'kudzuka kukalandira mankhwala a dzina langa. Loweruka anayesa nthabwala, milomo ikuchucha magazi, kuti asisi dzina lanuli ndi lolemera, mumalinyamula bwanji tsiku ndi tsiku?

Popeza sakanatha kumeza, mapiritsiwo ndinkawaphwanya ndi supuni ziwiri, n'kusungunula m'madzi, n'kumamudonthezera pakona pa mlomo pang'onopang'ono. Ndinkachita mosamala kwambiri kuti pasatayike kanthu. Gadiyani wa bedi loyandikana nalo, mayi wina wa ku Kapondo, ankauza anzake kuti aonere kwa ine kasamalidwe ka wodwala.

Loweruka ndi Lamulungu dokotala wamkulu sankayendera mawodi pokhapokha ataitanidwa, ndipo palibe anamuitana. Madontho aja anasanduka matuza akuluakulu ngati munthu wapsa ndi madzi a moto. Lamulungu m'mawa ndikumutembenuza, khungu la paphewa linatsalira m'dzanja langa, lopyapyala ngati pepala lonyowa, pansi pake pali pofiira. Sindinakuwe. Ndinalipukutira ku chitenje changa kuti iye asaone, ngakhale kuti maso ake anali atamatirira kale ndi manthongo moti sakanaona. Tsiku lomwelo mng'ono wangayo anauza nesi wina wachitsikana kuti akangomwa mankhwalawa thupi limayaka, ndipo nesiyo, amene anali yekha pa odwala odzaza mabedi ndi ena ogona pansi, anayankha akuyenda kuti wodwala sasankha mankhwala, kukanakhala kusankha bwenzi aliyense akufuna jekeseni.

Lolemba kunabwera nesi wachikulire, wonenepa, woyenda mokoka mwendo, amene magadiyani ankamuopa chifukwa ankatitchula kuti anthu a Mulungu inu asanayambe kutikalipira za mapoto pansi pa mabedi. Ameneyu sanandisiyire ntchito yotsuka zilonda, anaitenga yekha. Anafunyulula chitenje mpaka pamimba, anatsuka, kenako anasiya, n'kutenga buku pa kabati, n'kuwerenga nthawi yaitali. Atamaliza anandikodola kuti agadiyani, tabwerani panja.

Tinaima pakhonde, pafupi ndi mpopi, dzuwa la masana likuswa mtengo. Anandiuza kuti buku likunena kuti mayiyu anabereka ana awiri, wachiwiri pa opaleshoni, koma pamimba pa wodwala uja palibe chipsera chilichonse, ndipo iye pa zaka zonse zimene wagwira ntchito sanaonepo chipsera cha opaleshoni chikusowa. Anandifunsa mosakalipa n'komwe kuti mwana wanga, buku ili ndi la ndani? Chipsera chimene ankafunacho chinali pansi pa chitenje changa, masentimita ochepa kuchokera pa dzanja lake.

Ndinanama. Ndinati mwina anasokoneza polemba ku sikelo, mukudziwa mmene amalembera mothamanga. Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kunena kuti chabwino, koma mukakumbukira china mundipeze, ine sindine wapolisi. Anatero ndithu, kuti sindine wapolisi, ndipo ine ndinamva mawu oti wapolisi okhawo.

Nditabwerera, mng'ono wanga anali atamva kuti taitanidwa panja. Anandifufuza ndi dzanja mpaka anagwira mkono wanga, n'kunena movutikira kuti asisi, tingowauza. Ndinamuuza kuti tidikire ayambe wapezako bwino, chifukwa akadziwa lero atichotsa pa bedi, ndipo mmene alilimu sangafike kutsidya. Anati chabwino, inu ndi amene mumadziwa za mapepala. Madzulo amenewo dzina linaitanidwa, anayankha, ndinaphwanya mapiritsi awiri. Lachiwiri m'mawa chimodzimodzi.

Uthenga wopita kwa mwamuna wake tinautumiza Loweruka kudzera kwa munthu wogula chimanga, ndipo unachedwa. Alamu anafika Lachiwiri cha m'ma teni koloko, fumbi mpaka m'nsidze, njinga ataisiya pa geti. Anali munthu wofatsa, mlimi, wowerenga movutikira. Atalowa mu wodi anadutsa bedi la mkazi wawo osamuzindikira, mpaka ndinachita kuwakoka malaya. Anaima, anayang'ana, n'kunena kuti izi n'zomwe zija, kungoti zija zinali zazing'ono. Kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa khadi lokulungidwa mu pepala la pulasitiki la shuga, akuti anaganiza kuti mwina madokotala a kuno angalifune. Munthu wosapita patali kusukulu anaganiza zimenezo yekha.

Ndinalitsegula. Pamwamba penipeni, ndi inki yofiira, malembo akuluakulu ozunguliridwa kawiri, panalembedwa m'Chingerezi kuti wodwalayu asapatsidwe fansida, bakitilimu, kapena mankhwala alionse a mtundu wa salufa. Maina onse awiri anali pamenepo, limodzi pansi pa linzake. Ndinawerenga mapiritsi m'mutu, chifukwa kuwerenga ndiyo inali ntchito yanga: awiri Lachisanu madzulo, anayi Loweruka, anayi Lamulungu, anayi Lolemba, awiri m'mawa umenewo. Khumi, asanu ndi limodzi, onse odutsa pa supuni yanga. Anayi omalizawo ndinamupatsa nditafunsidwa kale kuti buku ndi la ndani.

Nesi wachikulire uja ndinamupeza akulemba mu kaofesi kawo. Ndinaika khadi patebulo, buku pambali pake, n'kunena kuti buku ndi langa, wodwalayo ndi mng'ono wanga, chipsera chili pa ine. Anawerenga, anavula magalasi, ndipo sanandikalipire, chimene mpaka lero ndimaona kuti chinali chilango chachikulu kuposa kukalipa. Anangoti anthu a Mulungu inu, n'kudzuka, mwendo wokoka uja n'kuyenda liwiro limene sindinkaganiza kuti angayende. Pasanathe theka la ola dokotala wamkulu anali pa bedi. Anakhwatcha mankhwalawo pa fayilo, analamula madilipi owonjezera, anati wodwala asamutsidwire m'kachipinda ka yekha ndipo azifundidwa nsalu zowiritsa ngati munthu wakupsa. Pakhonde ndinamumva akufunsa dokotala wachinyamata uja, mosakweza mawu, kuti munthu wamwa fansida Lolemba, Lachisanu wabwera ndi zilonda m'kamwa ndi madontho pakhungu, iwe n'kumuwonjezera bakitilimu, unaganiza chiyani? Mnyamatayo anayankha kuti buku linkasonyeza kuti anamwapo katatu. Wamkuluyo anati buku silinali ndi zilonda, zilonda zinali pa munthu.

Palibe anaitana apolisi. Palibe anatichotsa pa bedi. Palibe ngakhale anafunsa kuti kutsidya kwake ndi mudzi uti. Chinthu chimene ndinachiopa masiku asanu ndi atatu sichinabwere n'komwe, ndipo dokotala wamkuluyo anangondiuza kuti fansida amakhalitsa m'magazi masabata, sangachotsedwe, chotsala n'kudikira kuti thupi lilimbe lokha.

Tinadikira masiku asanu. Anayesetsa, zimenezo ndiyenera kunena, nesi wachikulire uja ankabwera ngakhale nthawi yake yoweruka itakwana. Koma khungu linapitiriza kuchoka, kumsana konse, m'manja, mpaka zikhadabo zinayamba kugwedera, ndipo Lachisanu thupi linatentha kwambiri, fungo la m'kachipindamo n'kusintha. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala anasinthidwa koma dzina pa fayilo palibe analisintha, aliyense ankaganiza kuti wina asintha. Anesi a mashifiti ena ankalowabe n'kuitana dzina langa. Lachinayi, nesi wina atatuluka, mng'ono wanga anandifunsa ndi mawu otsalira kukhosi kuti asisi, kodi ndiziyankhabe? Ndinamuuza kuti ayi, usayankhenso, ndi langa lija. Anati nanga langa akulidziwa? Ndinapita kukawauza, analonjeza kuti akonza.

Anamwalira Lamulungu masana, nthawi yoona odwala, anthu a kwaya ina akuimba mu wodi yaikulu. Amayi athu anali atamugwira phazi, pokhapo pamene panatsala khungu loti n'kugwira.

Lolemba m'mawa tinapita ku mochale ndi bokosi. Wantchito wa kumeneko anatuluka ndi kaundula wake n'kuitana kuti abale a uje, kutchula dzina langa lonse, ndipo anthu a kwathu amene anabwera kudzanyamula maliro anatembenuka onse kuyang'ana ine. Mkati, pa nsalu imene anamukulunga, pachifuwa, anamata pulasitala yoyera yolembedwa dzina langa, mudzi wanga ndi chaka changa chobadwa. Alamu anawerama, anawerenga chilembo chimodzichimodzi milomo ikuyenda, anadzuka n'kundifunsa kuti alamu, ndiye tikukaika ndani? Sanafunse mwaukali. Ankafunadi kudziwa chimene akauze mwana. Kalata yotulutsira maliro anatilemberanso ina ndi dzina loona nesi wachikulire uja atalowererapo, koma m'kaundula wamkulu munatsala mmene munalili, akuti buku la boma safufutamo. Buku langa anandibwezera, tsamba lomaliza atalemba mzere wodutsa pakati ndi mawu oti wodwalayu wamwalira.

Pa maliro ku Mlonyeni akuchimuna ankanong'ona kuti si matenda a Mulungu amenewa, munthu sasupuka ngati mbatata yophika, ndipo akwathu ankanong'onanso zomwezo poloza kutsidya. Ena ankati ndi matenda aja a masiku ano. Ine ndinakhala m'nyumba ya siwa pakati pa azimayi, ndikumva zonsezi, osatsutsa. Alamu sanaulule kanthu, mpaka lero, ndipo mwana uja anakula akudziwa kuti mayi ake anadwala khungu.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri ndinadwala chifuwa n'kupita ku chipatala china chaching'ono, ndi buku latsopano. Unali m'mawa wowala bwino, pa benchi tinalipo anthu ngati makumi awiri, ana akulira, wina akugulitsa nthochi pa mpanda. Mlembi anatuluka n'kuitana dzina langa. Ndisanatsegule pakamwa, kumbuyo kwanga, chakumanzere, mawu anayankha kuti ndilipo. Anali mawu otupa, otuluka pakona pa mlomo, omwe aja a pa bedi lachisanu. Ndinatembenuka. Kumbuyo kwanga kunali khoma ndi chithunzi cha katemera. Mlembi anaitananso kachiwiri, akuyang'ana uku ndi uku, kusonyeza kuti iye sanamve kanthu, ndipo mayi amene ndinakhala naye pafupi anandigwedeza kuti kodi si inu? Ndinadzuka n'kutuluka pa geti osaonana ndi dokotala, chifuwacho chinapola chokha.

Zachitikanso kangapo kuyambira pamenepo, nthawi zonse masana, nthawi zonse pamene munthu wachilendo akuwerenga dzina langa lonse kuchokera pa pepala: ku banki, ku sukulu ya ana anga, pa mzere wa chisankho. Sizichitika akandiitana amuna anga kapena anzanga. N'chifukwa chake ndinazolowera kudikira kaye pang'ono ndisanayankhe, ndipo anthu amaganiza kuti ndayamba kugontha.

Kodi ndi mzimu? Ine sindikhulupirira kuti mng'ono wanga akundizunza, sanali munthu wotero, ndipo akanafuna kundizunza sakanasankha mawu aulemu ngati amenewo. Ndimakhulupirira kuti ndi khutu langa limene linamva yankho limenelo kawiri pa tsiku ndili ndi supuni m'manja, ndipo silinavomere kuti zinatha. Sindikhulupiriranso za ufiti wa kutsidya kapena wa kuno. Chimene chinachitika n'choti anthu angapo, aliyense pa mphindi yake, anasiya kufunsa kapena kuyankha funso limodzi. Wa Lolemba sanadzutse nkhope kufunsa ngati pali mankhwala amene samuyanja. Wa Lachisanu anafunsa koma anakhulupirira pepala kuposa khungu limene linali patsogolo pake. Nesi wa Lamulungu anauzidwa ndi wodwala mwini kuti thupi likuyaka, sanaime. Onsewo anali otopa, anali ochepa, ndipo sankamudziwa. Ine sindinali wotopa, ndipo ndinkamudziwa kuyambira tsiku limene anabadwa.

Kwa inu a kuchipatala, ndikupempheni kuti muzifunsa ndi pakamwa, wodwala aliyense, ngakhale mzere utafika pa msewu, ndipo wodwala akati mankhwala akumuotcha muziima. Kwa anzanga a m'malire muno, amene mpaka lero mumabwerekana mabuku a kuchipatala poganiza kuti mukuthandiza m'bale, dziwani kuti m'bukumo muli magazi anu, mimba zanu ndi mankhwala amene thupi lanu linalola, ndipo dokotala adzachiza munthu wa m'bukuyo, osati amene wagona pa bedi. M'bale akakuuzani kuti pali mankhwala amene anamuletsa, musamutseke pakamwa chifukwa cha kalankhulidwe kake, mulekeni anene m'Chinyanja chake chomwecho, amva. Ndipo ngati mwalakwitsa kale, wina n'kukutengerani pambali kukufunsani kuti buku ili ndi la ndani, yankhani pomwepo mutaima. Ine ndinayankha mawa lake.